Phazi la Che Stambuli

Kuno ku Thyolo mukafunsa za Che Stambuli, aliyense amayamba ndi phazi lawo. Madala aja sankapima galimoto ndi sipanala. Ankavula nsapato yakumanzere n'kuiika padenga la galimoto, kenaka n'kuponda klatchi ndi phazi lopanda kanthu, atatsinzina ngati akulawa ndiwo. Ankati nsapato imanama.

Anagwira ntchito kugalaja ya esiteti yathu zaka zosawerengeka, ndipo atapuma anthu ankawalondolabe kwawo ku Luchenza. Tsiku lina anakwera minibasi pasiteji ngati wina aliyense, koma isanapite patali anauza dalaivala kuti aime. Anamuchotsa pampando, n'kuvula nsapato.

"Madala, tili pachangu," anatero dalaivalayo.

"Changu chakocho ndachimva kale. Phazi umaligoneka pa klatchi ngati pamtsamiro. Lichotse, apo ayi ku Bvumbwe ukafika wapansi."

Akuti anafikadi wapansi. Koma nsapato ya madala inaiwalika padenga n'kugwera m'munda wa tiyi, moti Lachisanu limenelo anapita kumzikiti atavala nsapato zosiyana.

Ine zimenezi ndinkangoseka, osadziwa kuti phazi lomwelo lidzandipeza. Dzina langa ndine Sellah, ndimagwira ntchito m'nyumba mwa bwana Stafford, manijala wa esiteti. Kanyumba kamene timakhala ine, amuna anga a Lackson ndi mwana wathu Hazel ndi kapantchito. Ntchito ikatha, nakonso katha.

Bwana ali ndi galimoto yakalekale yofiira, ya mipando iwiri, denga lansalu, yofupika ngati beseni. Anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Mwana wawo Victoria ankakwatiwa, ndipo anati kutchalitchi akafika pa imeneyo basi. Kutatsala masabata awiri, ine mwandekha, popanda wondituma, ndinaganiza zoitsuka. Nditasuzumira pansi pa chiwongolero, pamene pamachokera zopondera zija, ndinapeza zinthu zakuda, zomata. Ine ndi uve sitimvana. Ndinatenthetsa madzi, kutenga sopo waufa ndi waya wotsukira mapoto, n'kupala mpaka zitsulo zinawala. Ndinatsukuluzanso kawiri. Mawa lake kunabwera chiperoni, sabata yathunthu nkhungu yokhayokha.

Lachinayi, ukwati uli Loweruka, bwana anaponda klatchi n'kupeza yauma ngati chitsa cha bulugamu.

"Wina wakhala akuiseweretsa galimotoyi," anatero. "Ndikamudziwa, ntchito yatha tsiku lomwelo."

Ine ndinali pomwepo, Hazel kumbuyo. "Zoona bwana," ndinayankha. "Anthu alibe manyazi. Ameneyo achoke basi, ndi katundu wake yemwe."

Che Stambuli anafika pakabaza. Nsapato padenga, phazi pa klatchi. Anaponda injini ili yozima, anapondanso ikulira.

"Yolimba chimodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, komanso ikulira ngati chitseko," anatero. Anagona chagada, mutu pansi pa chiwongolero, n'kusolola kapini kolumikiza chopondera ndi zam'kati. Anakankha chopondera chokhacho ndi dzanja, koma chinali chouma ndithu. "Zam'kati zilibe mlandu. Matenda ali pompano."

Kenaka ndinamva akununkhiza. Anatulutsa mutu n'kuuza bwana kuti akatenge girisi kugalaja, okha, chifukwa ena akatenga yolakwika. Bwana atangokhota, anandiyang'ana.

"Make Hazel, sopo ameneyu ndi wa mandimu eti?"

"Eya bambo, wabwino zedi," ndinatero monyadira.

"Zakuda munazipeza apa?"

"Zambiri. Ndinachita kugwada."

"Ija inali girisi, mwananga. Ndinapaka ndine. Ndi imene imafewetsa chitsulo. Inu mwaichotsa, mwathira madzi, ndiye dzimbiri lapeza nyumba yosesa kale."

Ndinaona mphasa, mapoto ndi a Lackson zili pamsewu, chifukwa cha chigamulo chimene ndinapereka ndekha ndi pakamwa panga.

Bwana anabwerera ndi chitini. "Ndiye ndani, Che Stambuli?"

"Chiperoni, bwana."

"Chiperoni?"

"Chaka chino chabwera chaukali. Ngati mukufuna, chichotseni ntchito."

Che Stambuli anauza bwana kuti atalikire, kenaka anamasula chopondera, kupala dzimbiri, n'kundiitana kuti ndigwire chitini. Popaka ankandilozera ndi chala mwakachetechete: apa, apa, ndi apa, osakhudzanso. Loweruka Victoria anafika kutchalitchi akumwetulira. Ine ndinalulutira kuposa amayi ake omubereka, anthu n'kumati Sellah amakonda banjali.

Che Stambuli anatisiya mwezi wa Juni chaka chatha. Anadwala masiku atatu okha. Pamaliro pawo madalaivala a minibasi anaimika galimoto mumzere, okwera akudandaula m'katimo, koma palibe anasuntha mpaka mwambo utatha. Masiku ano thirakitala ikavuta amaikokera ku Limbe, ndipo imabwerako ndi pepala lalitali komanso matenda ake omwewo. Kugalaja anyamata sakangananso za injini. Aliyense amangoyang'ana pafoni.

Mwezi wathawu klatchi ya galimoto yofiira ija inaumanso. Bwana anandiitana.

"Sellah, mwatsukanso?"

"Bwana, munkadziwa?"

"Mphuno ndili nayo inenso. Galimoto yonse inkanunkhira mandimu. Koma madala aja atanena kuti chiperoni, ndikanatsutsa ndani ine?" Anandipatsa chitini. "Munaona pamene ankapaka. Ine anandithamangitsa."

Ndinatsitsa Hazel, ndinagona chagada ngati mmene ankachitira, n'kupaka malo atatu aja. Bwana anaponda, inafewa pang'ono chabe. Anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana, aliyense akudikira mnzake anene chimene chatsala. Kenaka galimotoyo tinaifunditsa nsalu yake.