Sabata Yopanda Saladi

Lolemba
BaTembo atuluka m'chipatala. Awapopa madzi m'mimba ndi singano, oyera ngati mkaka. Dokotala akuti mafuta amene munthu wadya, matumbo amawakulunga timibulu, timayenda m'kanjira kakekake mpaka m'magazi. Mwa amuna angawa kanjirako kabooka, ndiye mafuta akudonthera m'mimba. Akasiya mafuta, pobookapo pakhoza kutseka. Akadya, singano ina. Basi: saladi, mafuta ophikira aja, ayi, nkhumba ayi, nsinjiro ayi. Wapolisi ndine.

Lachiwiri
Chibwabwa chowiritsa, nyemba zamchere wokha. Akudya ngati ali kundende. Kuseri kwa mpanda Amake Mwansa akukazinga vitumbuwa chiyambire m'mawa. Komboni yonse ya Kanyama, fungo lasankha windo lathu!

Lachitatu
Azimayi akutchalitchi abwera kudzazonda. Wodwala samupitira chimanjamanja: nkhuku yokazinga, chikanda, masoseji. Ndikufotokoza za timibulu, akundiyang'ana ngati mfiti. "Dyani baTembo, tione." Mbale ya mlendo ungaikane? Adya. Ntchafu yonse, ndi khungu lomwe.

Lachinayi
Ndagula ku famase mafuta apadera, amene dokotala anati sadzera kanjira kobooka, amangolunjika ku chiwindi. Supuni imodzi pa ndiwo. Apongozi afika kuchokera ku Matero. Pobwera kotunga madzi ndapeza botolo lili mbee, onse apaka pamimba pa mwana wawo, uku akupemphera.

Lachisanu
Apongozi alanda mbaula. "Mwana wanga si mbuzi kuti azidya chabe mayani." Saladi akuthira ngati akuzimitsa moto. Mwanayo, wa imvi zake, akungonyambita zala. Ndakalirira kubafa.

Loweruka
M'thumba la jekete ya baTembo muli pepala lonona, la nyama yootcha pamsewu. Akuti anangomugwirira mnzawo. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Koma ikafota, wamasiye ndine. Ndakwiya, ndipo ndikuopa.

Lamulungu
Buluku lakana kumanga, avala lamphira. Akupuma mobanika, panjira taima kangapo. Mawa tikubwerera ku singano. Pakhomo la tchalitchi mkulu wampingo wawasisita pamimba, anthu onse akumva: "Mwanenepa baTembo! Bamadamu bakusungani bwino." Apongozi akuti ntchitoyo ndi yawo. BaTembo akumwetulira.

Ine ndati zikomo. Nanga ndikanati chiyani?