Thovu Limene Linandimanga pa Chikamwini

Anthu akandiona ndikufinya khushoni ndisanampatse mlendo amati ndi ukalamba. Adzukulu amachita kugwira pakamwa kuseka. Aseke, sakudziwa kanthu. Ine chinthu chilichonse chofewa ndinasiya kuchikhulupirira kalekale, nthawi ya atsamunda, ndipo lero ndikuuzani chifukwa chake. Mkazi wanga anandiletsa kuti nkhaniyi isamatuluke pakhomo, koma eni ake nkhani anatsogola kale, Mulungu awasunge, ndiye palibe angandiimbe mlandu.

Masiku amenewo ndinali mkamwini m'mudzi wina m'mbali mwa Rivirivi, koma ntchito ndinkagwira ku Balaka, pa galaja ya Mmwenye wina amene anali ndi malole onyamula thonje. Ntchito yanga inali kupopa matayala, kutsuka zitsulo ndi kutumidwa (kumudzi ndinkanena kuti ndine makaniko, ndipo palibe anabwera kudzaona). M'mamawa ndinkapalasa njinga kupita ku Balaka, madzulo kubwerera, tsiku lopuma khasu m'munda mwa apongozi. Miyendo inauma ngati nsungwi. Nditatopa nazo ndinapempha chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga Felesiya tikakhale ku Balaka kufupi ndi ntchito.

Pempho lotere silinali lamasewera. Ankhoswe anayenda uku ndi uku mpaka anagwirizana kuti Lamulungu lina, tikatuluka m'tchalitchi, akuluakulu adzakhale pansi pakhomo panga n'kugamula. Aliyense ankadziwa kuti wolankhula adzakhala a Bonifasiyo, atsibweni ake a Felesiya, koma mawu enieni anali ndi mlongo wawo, apongozi anga. Ndipo apongozi angawo mwana wamkazi anali naye mmodzi yekhayo, sankafuna n'komwe kumva zoti achoke.

Apa ndifotokozeko kwa ana a masiku ano, amene amakhala mpando umodzi ndi apongozi awo n'kumaseka nawo chikhakhali. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anana. Mukakumana panjira, mmodzi ankalowa patchire (mmodziyo ndinali ine nthawi zonse, ngakhale pakhale chitedze). Kuwalankhula maso ndi maso kunali ngati kuwatukwana. Ukakhala ndi mawu, unkatuma mkazi wako. Musaiwale zimenezi, chifukwa ndizo zinandipha.

Sabata ya msonkhanowo, pagalaja panafika lole imene Mmwenye anagula kwa Mzungu wina, mpando wake wong'ambika. Amene ankasoka mipando anali Che Asani, bambo wachiyawo wa ku Chikweo, ndipo anandiitana kuti ndiwagwirire. Titasolola chikopa sitinapezemo thonje kapena mawaya opiringizika amene tinazolowera. Munali chinthu chachikasu, chofewa, chokhala ndi timabowo ngati buledi. Ndinachidina ndi chala, chinalowa. Nditachotsa chala, chinabwerera. Ndinachikhalira, ndinangomva matako akuthokoza.

"Che Asani, kodi ichi n'chiyani?"

"Thovu limenelo, mwanangu."

"Thovu? Ngati la sopo?"

"Eetu. Abwana akuti Azungu amatenga utomoni wa mtengo wa mphira, n'kuupuntha ndi mankhwala ngati mmene khukhi, wophikira Azungu, amapunthira mazira, mpaka uchite thovu. Kenaka amauwotcha kuti thovulo liume lisaphwe." Anatembenuza chinthucho n'kundionetsa manambala osindikizidwa m'mbali. "Awa ndi a boma la kwawo. Amene anatulukira nzeruyi anakailembetsa, kuti wina akapanga chofanana popanda chilolezo aimbidwe mlandu. Amati patenti."

Ine kumva za patenti, mutu unakula. Mmwenye anali atalamula kuti chitayidwe chifukwa chinali chodyeka m'mbali ndi chothimbirira ndi girisi, ndiye ndinachipempha. Nzeru yanga inali iyi: apongozi anga moyo wawo wonse akhalira mphasa ndi chitsa. Akadzangokhala pa chinthu cholembetsedwa ku boma la ku Mangalande, mtima udzafewa pamodzi ndi pokhalira, ndipo adzadziwa kuti mwana wawo akupita ndi munthu wa zinthu.

"Tenga," anatero Che Asani, "koma ukachichape bwino. Chikununkha dalaivala."

Loweruka masana ndinatsikira nacho ku Rivirivi ndi mtanda wa sopo. Nditangochiviika, chinayamba kumwa. Abale anga, ng'ombe ndinazionapo zikumwa, koma ng'ombe imafika pokhuta. Ndinachipaka sopo, thovu linatuluka. Ndinachitsukuluza, thovu linatulukanso. Ndinachiponda ndi mapazi, thovu linawonjezeka, mpaka amayi amene ankachapa kumunsi anayamba kuviika nsalu zawo m'thovu langa osagwiritsa ntchito sopo wawo.

"Zikomo akamwini," anakuwa mmodzi, "mudzabwerenso Loweruka linalo!"

Potuluka nacho m'madzi chinali cholemera ngati mbuzi. Ndinachisenza pamutu, madzi akuyenderera m'khosi mpaka m'kabudula, n'kukachiyanika pa thandala la mbale. Inali nthawi ya chilimwe, dzuwa lake lija loswa mtengo. Lamulungu m'mawa ndinachisisita pamwamba, chinali gwa. Ndinachitembenuza, kunsinso gwa. Kulemera ndinakumva ndithu, sindinama, koma ndinati zinthu za patenti zimalemera ndi ulemu wake.

Felesiya anachiveka chikuto chimene anasoka ndi thumba loyera la ufa wa tirigu. Akuchikoka kuti chilowe, anachiyeza m'manja n'kundiyang'ana.

"Kodi chauma ichi, inu?"

"Iwe, dzuwa limeneli limaumitsa zitsime, lingalephere khushoni? Ukangowaona amayi, uwatsogolere pomwepo. Uwauze kuti chachokera ku Mangalande."

Titabwerako kutchalitchi ndinayala mphasa ya amayi pansi pa mtengo wa mango, mipando ya abambo n'kuiika chakumunsi, chifukwa bwalo langa linali lotsetsereka pang'ono. Khushoni ndinaiika pakati pa mphasa. Ngodya imodzi inapindika, ndiye ndinagwadapo ndi bondo limodzi kuti ndiiwongole. Bondo linazizira. Kuyang'ana, buluku langa la khaki lachita chigamba chakuda. Ndinadina ndi dzanja lonse, madzi anatuluka pakati pa zala.

Nthawi yomweyo ndinamva mawu kuseri kwa nkhokwe. Apongozi, atavala chirundu chawo chatsopano, amayi awiri akuwatsata. Munthu wanzeru akanagwira khushoni n'kuthawa nayo. Koma miyendo yanga inali itaphunzira chinthu chimodzi chokha ikaona apongozi. Ndinangopezeka ndakhala kale kumbali ya abambo, pafupi ndi nkhoswe yanga, achimwene anga a Layisoni, nkhope nditalozetsa kuthengo, manja ali opanda kanthu.

"Amayi, akuti mukhale apa," ndinamva Felesiya akutero. "Chachokera ku Mangalande."

Ndinatsokomola. Palibe anatembenuka. Ndinatsokomolanso mwamphamvu, a Bonifasiyo anandifunsa ngati ndikufuna madzi (madzi ndiwo anali vuto langa lenilenilo). Pamenepo ndinakumbukira kuti mwambo umaletsa kulankhula ndi apongozi, koma sunaletsepo kulankhula ndi galu. Ndinakweza mawu:

"Iwe Sakhuta! Usakhale pamenepo, m'ponyowa!"

Tsoka lake Sakhuta anali atagona kutali pansi pa nkhokwe, pa fumbi louma. Anadzutsa mutu, nandiyang'ana modabwa, n'kugonanso. Achimwene ananditsina pantchafu.

"Wayamba misala? Galu ali uko."

"Achimwene, chinthu chija chili ndi madzi," ndinanong'ona.

"Khala chete iwe. Mkamwini salankhula pabwalo. Ukufuna undichititse manyazi?"

Apongozi anga anali mayi wa thupi lawo. Anakhala. Khushoni inalira fwiii, ngati munthu wotula katundu. Mwambo umaletsa kuyang'ana, koma ngodya ya diso ilibe mwambo. Ndinawaona akudzidzimuka, msana n'kuwongoka njo, kenaka anaika manja pamiyendo, ngati palibe chachitika. Ine thukuta linali kamukamu.

Nkhani inayamba. Achimwene analankhula bwino kwambiri, mpaka ndinatsala pang'ono kudzikonda. Anati mnyamatayu wamanga nyumba, walima, nkhokwe yadzaza, mkazi sanamumenyepo, chomuvuta ndi mtunda wokha. A Bonifasiyo ankagwedeza mutu. Koma ine makutu anali pa nkhani, diso lili pansi. Kuchokera m'mphepete mwa mphasa munatuluka kamzere ka madzi, kowonda, kathovu pang'ono kutsogolo kwake. Kanaima, kanaganiza, kenaka kanasankha njira yotsikira kwa abambo. Nkhuku ina inabwera, inamwako, inayang'ana kumwamba, n'kuitana anapiye ake.

"Ine kumbali yanga," anayamba a Bonifasiyo, "mwana uyu tamuona. Si wa mowa, si wa ndewu. Sindikuonapo chifukwa choti..."

Analekera pomwepo. Madzi aja anali atafika pa chala chawo chachikulu cha kuphazi. Anayang'ana phazi. Anatsata mzere uja ndi maso, pang'onopang'ono, kudutsa pa nkhuku, kukwera pa mphasa, mpaka pamene panakhala mlongo wawo. Bwalo lonse linatsata nawo. Amayi awiri aja anayamba kuwerenga masamba a mango. Mmodzi anasendera pambali mwaulemu.

"Achemwali," anatero a Bonifasiyo motsitsa mawu, "muli bwinobwino?"

Apa ndi pamene ndinadziwira mtundu wa munthu amene ndinkalimbana naye. Apongozi akanatha kuimirira n'kunena kuti chinthu cha mkamwiniyu n'chonyowa. Anthu akanaseka, ine ndikanalipa nkhuku, nkhani ikanapitirira. Iyayi. Anaweramitsa mutu, anausa moyo, ndipo analankhula ndi kamawu kofooka kamene sindinakamvepo (awatu anali mayi oti akaitana mbuzi, za kutsidya kwa mtsinje zinkabwera).

"Ukalamba, achimwene. Thupi silikumveranso mwini wake. Koma musavutike nane ine. Mwanayo apite kutauni. Kudooko ndizikwawa ndekha."

"Iyayi!" A Bonifasiyo anamenya bondo. "Iyayi, zimenezo sizingatheke ine ndili moyo." Anatembenukira kwa achimwene. "A Layisoni, mwaona nokha. Zina sititchula pakamwa. Mayi akafika pamenepa amafuna mwana wamkazi pafupi. Za chitengwazi tiyeni tiziike kaye pambali mpaka achire."

"Taona, ndipo pepani kwambiri," anayankha achimwene anga enieni, nkhoswe yanga, chipewa chili pachifuwa. "Ife si nyama ayi."

Ndinatsegula pakamwa. Koma tandiuzani, ndikanati chiyani? Kuti ndidzipulumutse ndinayenera kuimirira pamaso pa anthu, kufotokoza za pansi pa apongozi anga, kenaka n'kuwatcha abodza. Mkamwini wotero sapatsidwa chitengwa, amapatsidwa mphasa yake n'kumulozera njira. Ndinatseka pakamwa. Ndinayang'ana Felesiya kuti mwina andithandiza, ndinapeza waluma nsalu, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwembwembwe. Amayi aja ankamusisita kumsana kuti asalire, amayi ake achira. Ine ndekha ndinkadziwa kuti akuseka.

Apongozi anachoka atagwiriridwa uku ndi uku, chirundu chili chonyowa, akuyenda ngati woponda minga. Atafika pa nkhokwe anaima n'kunong'oneza Felesiya, iye n'kubwerera.

"Akuti khushoni ija atenge. Ikuwathandiza msana."

M'mawa mwake, ndikupalasa njinga kupita ku Balaka, ndinakumana nawo atasenza mtolo wa nkhuni woti amuna awiri akanagawana. Ndinatsika njinga n'kulowa patchire, monga mwa nthawi zonse. Ndili m'menemo ndinamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Mtima unandipweteka kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinalira pang'ono, sindibisa.

Matendawo sanathe. Ankhoswe akangoyamba kutchula za chitengwa, apongozi ankagwira m'chiuno n'kuitanitsa khushoni yawo, a Bonifasiyo n'kusintha nkhani. Ana anabadwa, njinga inatha matayala, ndinagula ina. Patapita zaka, akuluakulu anati takulirana, tingathe kumalankhulana. Ndinapereka nkhuku, iwo anapereka yawo, ndipo ndinakhala pansi moyang'anana nawo koyamba. Anali atakhala pa khushoni yomwe ija, itaphwa ngati chikondamoyo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mawu oyamba amene anandiuza pa moyo wanga anali awa:

"Bambo, chinthu chanu chija chinachedwa kuuma. Tsiku lina mukamachapa, muzifinya."

Kenaka anachisisita n'kuwonjezera kuti, "Koma n'chabwino. Azungu ali ndi nzeru."

Mzungu wotulukira thovu uja nzeru yake anakailembetsa ku boma kuti isabedwe. Apongozi anga yawo sanailembetse kulikonse, koma mpaka lero sindinaone wina woipanganso. Ku Balaka sitinasamukireko. Galaja inatsekedwa ine ndikadali mkamwini, ndipo izi ndikulembera pansi pa mango womwe uja. Khushoni ndimafinyabe, ngakhale palibenso chitengwa choti ndipemphe. Manda anga adzakhala m'mudzi muno, pafupi ndi awo, ndipo ndikudziwa kuti tikadzakumana panjira kumeneko, wolowa patchire ndidzakhala ine.