Kafukufuku wa chitetezo ku Muloza

Lolemba

Ndafika pa Chonde, kwa azakhali. Mvula kuyambira ku Limbe. Zovala zanyowa, koma chojambulira mawu chili bwino, ndachikulunga m'majumbo.

Ntchito yanga yoyamba chimalizireni sukulu! A Dokotala, abwana anga ku Lilongwe, akulemba lipoti la momwe Malawi ndi Mozambique akugwirizanirana pa chitetezo cha m'malire. Ine andituma kudzamva maganizo a anthu. Akuti ndikachita bwino andilemba chaka chonse.

Dongosolo:
mawa, anthu a mbali ya kuno ku Muloza
Lachitatu, tsidya ku Milange
Lachisanu, msonkhano wa magulu awiri, a kuno paokha, a tsidya paokha
Loweruka kulemba ndi kutumiza

Azakhali akufunsa ngati ntchitoyi ili ndi yunifolomu.

Lachiwiri

Muloza. Matope mpaka m'akakolo. Ndikuuza wakabaza wondinyamula kuti ndabwera pa nkhani ya chitetezo. Pakamwa panga ine! Pofika masana pali mzere wa amuna pakhonde la golosale pomwe ndakhala. Wina ndi chibonga, wina ndi tochi, wina wabwera ndi galu. Mbiri yawanda kuti ndikulemba alonda a ku esiteti ya tiyi.

Ndikufotokoza kuti ndi kafukufuku chabe. Onse akugwedeza mutu mwaulemu. "Ndiye tiyamba liti, achemwali?"

Osintha ndalama akangondiona akulowa m'tinjira. Kwa iwo ndine kazitape.

Wayankha mafunso ndi mmodzi yekha, wa galu uja. Akuti chiopsezo chachikulu m'malire muno ndi mlamu wake.

Lachitatu

Amalume a Mukhito adzipereka kukhala otanthauzira. Akuti Chipwitikizi anachita kuyamwira. Tawoloka bwinobwino.

Chipwitikizi cha amalume: bondiya, obirigadu, ndi mawu ena amene achititsa mayi wogulitsa zitenje kugwira pakamwa. Mayiyo akundiyankha m'Chichewa chosalala, kenako akuwalalatira amalume m'Chilomwe.

Ndikumufunsa mayiyo kuti ndi nzika ya dziko liti. "Kugona ndimagona kuno, chigayo ndimapita kwanu, mwana akadwala ndi ku chipatala cha Mishoni kwanu komweko. Lembani pomwe mwakonda."

Ndalemba kawiri, ndafufuta kawiri.

Lachinayi

A Dokotala aimba foni. "Ndipezere mawu osonyeza kukayikirana. Othandiza kafukufukuyu amakonda kukayikirana. Ndipo magulu asasakanikirane!"

Ndapeza katchalitchi ka malata kufupi ndi msika wa Muloza. Ndagula mabanzi ndi zakumwa. Anthu oti abwere ndiye ndilibe, onse akundithawa kapena akufuna ulonda.

Amalume akuti zoitana anthu ndiwasiyire iwo, mbali zonse ziwiri. Mtima ukuti kana. Mapazi atupa. Ndavomera.

Lachisanu

Abwera! Mabenchi a kumanja a kuno, a kumanzere a ku Milange. Palibe woyang'ana mnzake. Nkhope zili ndwii. Mtima wanga ukuvina: kukayikirana kwenikweni, a Dokotala akondwa!

Ndikuyatsa chojambulira. Funso loyamba, kodi mgwirizano pakati pa mbali ziwirizi ulipo?

Bambo wachikulire kumanzere akuimirira. "Unalipo, mpaka mwana wathu anathamangitsidwa ngati galu."

Kumanja mayi akuyankha osaimirira n'komwe. "Anagulitsa njinga ya mkazi wake osamuuza!"

Njinga?

Ndikuyang'ana bwino. Kumbuyo kwakhala Esinati, mwana wa amalume, khanda kumsana. Mbali inayo mwamuna wake Zuze wa ku Milange, mutu uli pansi. Amalume aitana akuchimuna ndi akuchikazi. Ankhoswe okhaokha! Pa mabanzi anga!

Amalume akundinong'oneza: "Iwe umafuna mbali ziwiri, inenso ndimafuna mbali ziwiri. Miyezi yonseyi akhala akukana kukumana. Abwera chifukwa ndawauza kuti kuli wa boma."

Ndikufuna kutuluka, koma mvula yatseka khomo. Akukangana. Njinga, ufa, foni yosayankhidwa, mawu amene wina ananena pa maliro.

Kenako akuimirira amayi ake a Zuze, ang'onoang'ono, osavala nsapato. Akuti chaka cha namondwe madzi anakokolola anthu a kuno n'kukawasiya tsidya, m'minda mwawo. "Tinawasambitsa, tinawaika m'manda athu, pafupi ndi amuna anga. Sitinafunse chiphaso cha munthu. Lero tilekane chifukwa cha njinga?"



Esinati akulira. Inenso, wa boma, ndikulira. Zuze wagwada, akuti akakolola nandolo agula njinga ina, ndipo mwini wake akasankha yekha. Ankhoswe akugwirana chanza. Mabenchi asakanikirana. Mabanzi atha.

Loweruka

Ndikumvetsera zomwe ndajambula. Mvula pa malata, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wawawa! Zomveka bwino ndi ziwiri zokha: amalume akufunsa ngati zakumwa zatsalako, ndi ine ndikufwenthera.

Ndikulemba za pamtima. Tsamba limodzi ndi theka. Mutu ndaika wakuti kuthetsa mikangano m'madera a m'malire. Mawu oti njinga ndayesa kuwasintha kukhala katundu woyendera. Sizikumveka. Ndabwezera njinga. Ndatumiza.

Yankho la a Dokotala silinachedwe: "Zokhudza mtima. Koma chitetezo chili pati? Tikambirana ukabwera."

Tikambirana ukabwera. Mawu amenewa ndikuwadziwa.

Lamulungu

Basi ndi mawa m'mawa. Za ntchito ya chaka chonse ndasiya kuziganizira. Zikakanika ndikafunsira zina.

Esinati ndi Zuze abwera ndi zinanazi ndi tambala. Khanda landisanzira pa bulawuzi yomwe ndimati ndiyendere. Sindikudandaula.

Kutchalitchi azakhali auza aliyense zomwe zinachitika Lachisanu, ngakhale amene sanafunse. Pobwerera tikupeza anthu pakhonde. Mwamuna wayang'ana kuphiri, mkazi wayang'ana kumsewu, achikulire awiri pakati, zipewa m'manja. Achokera ku Muloza pa kabaza.

"Tamva kuti mwana wa boma amayanjanitsa mabanja."

Ndikuwauza kuti sindine wa boma, sindine nkhoswe, ndipo ineyo sindinakwatiwe n'komwe.

"Palibe kanthu, mayi. Yambani mwadya, tidikira."

Ndikutulutsa mipando.