Bonongwe wa pa Gilini ya a Mwale

Pali malo ena kufupi ndi Kaluluma amene ndikamadutsapo pa njinga ndimayang'ana kumbali, ngati ndaona apongozi akusamba. Lero ndi munda wa soya, koma kale linali bwalo la gofu la esiteti ya fodya, ndipo ukwati wanga unatsala pang'ono kupsera pomwepo.

Nthawi imeneyo ndinkafunsira Esnati, ndipo mawu omaliza anali ndi amalume ake, a Mwale. Mkuluyu adapuma ntchito pa esitetipo atatengapo matenda a gofu. Pa dzenje lomaliza panali kapinga wosalala, wometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu, amene iwo ankamutcha gilini. Ukawaponda phazi ankakhululuka, koma osati ukaponda kapingayo molakwika.

Tsiku lina Loweruka anandiitana kuti akandione bwino. Ndinavala malaya a kutchalitchi. Kunja kunali ng'amba, dziko lonse lili mbuu, koma gilini ili biriwiri.

"Achikumbe," anatero (ndilo dzina limene anandipatsa), "pano malamulo ndi ochepa. Mnzako akamamenya mpira, khala chete. Usaponde njira ya mpira wake. Ndipo ukawononga, konza."

Anandionetsa kachitsulo konga foloko kamene amakwezera kapinga mpira ukamufinya. Ine mumtima ndinaseka. Foloko? Munthu amene ndinakulira pa nazale ya fodya?

Titafika pa gilini anandipatsa ndodo kuti ndingokankha kampira pang'ono. Koma manja ozolowera khasu samva Chingerezi. Ndinakweza ndodo, ndi kutsitsa ngati ndikuswa mphanje. Kampira kanatsala pomwepo kakundiyang'ana, chimene chinauluka ndi chigamba cha kapinga chachikulu ngati mbale. A Mwale anavula chipewa ngati tili pamaliro.

"Mawa ndikupita ku Lilongwe kukaona mwana," anatero motsitsa mawu. "Tidzakamba ndikabwera."

Ndinadziwa kuti zokakambazo ndi za Esnati, ndipo mantha anandigwira. Koma lamulo analinena okha: ukawononga, konza.

Lolemba ndinafika ndi khasu ndi wilibala. Mlonda ndinamuuza kuti ndine mkamwini wa a Mwale (Mulungu andikhululukire, ndinali ndisanafikepo). Dothi linali louma gwa, choncho ndinaligaula kuti mizu ipume, mpaka bala la mbale lija linakula ngati chitseko. Ndinathira manyowa a mbuzi, ndi kukweza kabedi kooneka bwino, ndi kuphimbira ndi udzu wouma. M'mawa uliwonse ndinkathirira ndi kheni ndikuimba nyimbo za kwaya.

Ndipo zinameradi, abale. Bonongwe, chisoso, ndi dzungu limodzi lamphamvu lomwe linayamba kuyanga molunjika mbendera ya pa dzenje. Mbuzi za kwathu zinali zitadya bwino chaka chimenecho.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinangoti, "Ohoo, ndaiwala kuwotcha!" Paja pa nazale timayamba taunjika mapesi ndi kuyatsa, kuti njere za udzu zife. Ndinamanga mtolo wa mapesi pa njinga, ndi kukauyala bwinobwino pakati pa gilini.

Ndili chogwada, machesi ali m'manja, ndinamva kutsokomola. A Mwale, pamodzi ndi anzawo a gofu amene anawatenga ku Boma kuti adzaone kapinga wawo wotchuka uja.

"Achikumbe, mukutani?"

"Ndikukonza, bambo."

"Ndi moto?"

"Kuti bonongwe asabwerere, bambo."

Mlendo wina anaseka mpaka anakhala pansi. A Mwale sanaseke. Anandilanda machesi, nayang'ana bedi langa nthawi yaitali, kenaka anafunsa, "Manyowawa munachoka nawo kwanu pa wilibala?"

"Eya, bambo."

Anatembenuka, napita ndi alendo awo. Ndinabwerera kunyumba ndikukankha njinga, mapesi ali pambuyo, ndikudziwa kuti Esnati wapita.

Patapita masiku, Esnati anabwera akuseka misozi ili mbwembwembwe. Akuti amalume anauza abale kuti, "Mnyamatayo nzeru za gofu alibe, ndipo asadzapondenso pabwalo langa. Koma ambiri akawononga amayang'ana kumwamba ngati si iwo. Uyu anabwerera ndi wilibala. Mpatseni mkazi, koma machesi azisunga ndi Esnati."

Gilini ija inatenga dzinja lathunthu kuti ichire, ndipo bonongwe sanatheretu. A Mwale ankamuzula ndi kafoloko kawo kaja, n'kumutumiza kwathu m'kapepala kuti mkamwini adye zokolola zake.

Mkuluyo adatisiya, esiteti idatsekedwa, ndipo ndimamusowa kwambiri. Chaka chatha ndinalimba mtima, ndinaima pamunda wa soya uja. Pakona pamene panali mbendera, bonongwe anali ataima tsonga, wonenepa kuposa wina aliyense. Ndinathyola wodzaza chipewa.

Esnati anamulandira, nandiyang'ana, nati, "Ikani apo. Moto ndiyatsa ndekha."