Chipolopolo cha a Ambokile

Ku Iponga ukatchula a Ambokile anthu amayamba kuseka usanamalize, chifukwa ndiwo mlenje yekhayo amene anakalamba ndi mfuti paphewa osaiombako ngakhale kamodzi. Si mantha ayi. Vuto linali loti sankadziwa chipolopolo chimene mfutiyo inkadya.

Inali mfuti yachijeremani imene bambo awo anabwera nayo kuchokera ku Tanganyika, ndipo manambala a pampope, onena kukula kwa chipolopolo chake, dzimbiri linali litawanyambita kalekale. Laisensi anali nayo, khadi la chipani analinso nalo. Chosowa chinali chipolopolo basi.

Wozunzika ndi zonsezi anali akazi awo, a Yunike, poti munda wawo wa chimanga unali m'tsinde mwa phiri la anyani. M'mawa uliwonse amuna awo ankazungulira mundawo monyada ndi mfuti yopanda kanthu, ndipo a Yunike mtima unkawawa koopsa.

"Bambo a Manase, chimanga chikakhwima tidzadya ife kapena alamu anu a kuphiriwa?"

"Dekha, mayi. Mfuti siidyetsedwa chilichonse ngati nkhumba."

Mlendo aliyense wodziwa mfuti sankapuma. Sajeni Gideon wa ku Dedza atangofika kumene kudzagwira ntchito, a Ambokile anamukokera pakhonde kuti ayese chipolopolo cha apolisi. Chinalowa theka n'kukana.

"Ingokankhani, madala, chilowa!" anatero Sajeni.

"Ndikankhe? Bwana, chipolopolo cholakwika chimaphulikira mwini mfuti. Mukufuna Yunike akhale wamasiye?"

"Anyani anandisandutsa kale wamasiye!" a Yunike anayankha ali kuseri kwa nyumba.

Kenako wina anauza a Ambokile kuti akathira phula losungunula mumfuti pomwe pamakhala chipolopolo, likauma limatuluka ndi maonekedwe a chipolopolo chenichenicho. Makandulo amene a Yunike ankasungira Khirisimasi anathera pamenepo. Chinatulukadi chokongola, ndipo anachipereka kwa mphwawo Reginald, dalaivala wa lole, kuti akachionetse kwa ogulitsa mfuti ku Blantyre. Koma unali mwezi wa Okutobala, ku Karonga nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Reginald asanafike n'komwe ku Chilumba, chipolopolo chaphula chinali chitasanduka banga pa buluku.

Ulendo wachiwiri phula linakwera lole litamizidwa mumtsuko wa madzi. Mtsuko wake uti? Wa a Yunike, womwe uja woziziritsa madzi akumwa. Sunabwererenso, ndipo nkhani yake a Yunike sanaisiye mpaka kalekale.

Koma Reginald anabwera ndi chipolopolo chimodzi choti ayesere. Mudzi wonse unasonkhana, Sajeni ali pomwepo. A Ambokile anachipukuta ndi malaya, n'kuchilowetsa pang'onopang'ono. Khe! Mfuti inatseka ngati sinakanepo chinthu. Amayi anaimba nthungululu, a Yunike mpaka anavina.

"Ndagha, Kyala!" a Yunike anathokoza Mulungu m'chinenero chakwawo. "Tiyeni kumunda, chimkulu cha anyani chija chili pachulu pompano!"

A Ambokile anatsegula mfuti, n'kutulutsa chipolopolo chija, n'kuchiika m'thumba la malaya.

"Mukutani kodi?"

"Iwe, ndichiombe? Ndikachiomba, zinazo ndidzayesera chiyani?"

"Zinazo ziti?"

"Zimene ndidzagule."

Sanagule. Ankati za masiku ano n'zosadalirika, angazikhulupirire bwanji? A Yunike anakhala sabata yathunthu osawalankhula, kenako anatopa, poti munthu wake sankazindikira n'komwe kuti akunyanyalidwa. Ankangozungulira munda ndi mfuti yake, chipolopolo chili pachifuwa, madzulo n'kumachionetsa kwa aliyense wodutsa.

Chifuwa chinawatenga a Ambokile mvula itangoyamba. Maliro atatha, Sajeni anabwera mwaulemu kudzatenga mfuti, poti mwini laisensi kunalibenso. A Yunike anaipereka ndi manja awiri, n'kunena kuti ichoke, yawasautsa mokwanira.

Chaka chimenecho ndi pamene anadziwa chimene chinkasunga munda wawo. Anyani sadziwa za manambala a pampope. Ankangoona munthu wa mfuti akuzungulira, n'kumaba za m'mphepete mothamanga. Tsopano anatsika ndi ana omwe, n'kukhala pakati pa munda ngati aitanidwa ku ukwati. A Yunike anakuwa, anaimba chitini, koma chimkulu chija chinangowayang'ana uku chikusenda chimanga.

Miyala yogendera anyani itawathera, anamasula mfundo ya chitenje mmene ankasungamo chipolopolo chija, n'kukweza mkono kuti agende nacho. Mkono unaima m'malere. Anachiyang'ana, chowala mbali imodzi pomwe chala cha amuna awo chinkapukuta.

"Ndikachiponya," anadziyankhula okha, "ndidzatsala ndi chiyani?"

Anachimanganso pachitenje. Ku Iponga masiku ano alendo amadutsa popanda wowaitanira pakhonde, ndipo m'tsinde mwa phiri muja anthu analeka kudzalamo chimanga.