Khadi Limene Linapha Apongozi Anga

Abale, nkhani iyi ndikaikumbukira ndimafuna kukumba una n'kulowamo. Koma poti kwathu ku Chongoni ngakhale ana akuidziwa, bola muimve kwa mwini wake. Ine ndinaphapo apongozi anga. Ndi khadi la Khirisimasi!

Ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Agatha. Bambo ake, a Mbewe, ali ndi ana ena awiri: alamu anga a Gerevazio ku Blantyre ndi a Sisiliya ku Mzuzu. Anthu amenewa Khirisimasi ikayandikira nyimbo yawo inali imodzi: "Tatanganidwa, tibwera chaka chamawa." A Mbewe sankadandaula, koma chaka chilichonse ankatulutsa mipando panja n'kumayang'ana kumsewu mpaka mvula iwathamangitse. Zinkandiwawa kwambiri.

Tsiku lina pakamwa panandiyabwa.

"Bambo, chaka chino abwera. Zisiyeni m'manja mwanga."

"Mkamwini, ine wowabala ndalephera. Inu muwakoka ndi chingwe?"

"Ndi khadi, bambo. Akaona nkhope yanu mtima uwagunda."

Agatha anangoti, "Mmm, tiziona."

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Mayani, kusitudiyo ya zithunzi. Mwini wake anayamba kundionetsa madizaini pakompyuta: tinyenyezi, timabelu, mdala wandevu wovala zofiira.

"Izi n'za ana," ndinatero. "Ndikufuna chinthu choti munthu akachiona aime kaye."

"Ndiye tengani retro, bwana. Sitayilo ya makedzana. Koma imafuna munthu wolimba mtima."

Wolimba mtima? Ameneyo ndiye ine!

Ndinapereka chithunzi cha a Mbewe atavala suti ya paukwati wathu, nkhope ili gwa, osaseka. Tinachisandutsa chakuda ndi choyera, n'kuchiika m'kafelemu kozungulira ngati dzira. Kandulo uku, kandulo uku. Maluwa oyera pansi. Dzina lawo m'zilembo zikuluzikulu zagolide.

"Pamwambapa patsala mpata, bwana."

"Ikani nkhunda!"

Munthu uja anandiyang'ana kaye. "Nanga mawu a Khirisimasi, sitiika kutsogolo konkuno?"

"Ayi, muwononga dizaini! Aikeni kumbuyo pamodzi ndi zithunzi za adzukulu."

Anandisindikizira limodzi, mbali zonse ziwiri n'kundiikiranso mufoni. Kunyumba ndinaonetsa a Mbewe. Anati, "Eee, ndikuoneka ngati nduna!" Agatha sindinamuonetse, chifukwa cha "tiziona" wake uja.

Tsono kwathu netiweki imapezeka malo amodzi, pachulu cha kuseri kwa dimba. Ndinakwera, n'kutumiza pagulupu ya banja. Mbali yakutsogolo inapita. Yakumbuyo inayamba kuzungulira, kuzungulira, mvula n'kuyamba kudontha, foni thii! Ndinatsika ndikuti ipita yokha ikadzayaka. Koma sabata imeneyo kunali mitambo yokhayokha, sola yotchajira mafoni sinagwire moto, ndipo mafoni onse a pakhomo anangokhala chete.

Litatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, mnzanga wogwira ntchito m'nkhalango ya paini anandipatsa nthambi zokongoletsera pabalaza. Ndinazimanga pakaliyala wa njinga ndi kachingwe kowola. Pofika kunyumba theka linali litagwera m'njira, makamaka pokhotera kwathu penipeni. Ine osaganizako n'komwe kuti nthambi pamsewu zimauza anthu kuti pamudzi pagwa zovuta.

Masana ndikupachika nthambi zotsalazo, ndinamva galimoto ikubwera pang'onopang'ono. Kenako mfuu:

"Mayo ine! Bambo anga ine!"

Kutuluka panja, pikapu! A Sisiliya chitenje m'chiuno, mpango kumutu, manja kunkhongo. A Gerevazio maso ali psuu. Kumbuyo kwa galimoto matumba a ufa, mpunga, shuga, kabichi, ndi mbuzi yomangidwa. Azimayi oyandikana nafe atamva kulirako anayamba kufika, wina ndi nkhuni, wina ndi mbale ya ufa. Akwaya amene ankayeserera nyimbo kutchalitchi nawonso ndi awo, mumzere.

Ndinathamanga. "Alamu, mwabweradi! Koma watisiya ndani?"

A Gerevazio anandikumbatira. "Limbani mtima, alamu, mutu wanu sukugwira. Uthenga wanu tinaulandira. Tayesa kuimba, mafoni onse ozima. Titaona nthambi pamsewu ndiye tangoti basi, n'zoona."

Anandionetsa foni yawo. Abale inu! Apo m'pamene ndinaliona khadi langa ndi maso a anthu ena. Makandulo. Maluwa. Nkhunda ikuuluka pamwamba pa mutu wa apongozi. Pepala lenileni logawa pamaliro!

"Alamu, dikirani ndifotokoze..."

Ndani amve? Kwaya inali itayamba kale. Apongozi aakazi anatuluka m'khitchini, ndipo ataona ana awo akulira nawonso anayamba kulira, kufunsa pambuyo. Agatha anasuzumira pafoni ija, n'kundiyang'ana. Ine ndinayamba kuganiza kuti chikwama changa chili pati.

A Gerevazio anagwada pakhonde.

"Bambo, ndikanadziwa! Denga ili ndikanaika malata! Jekete munkapempha lija ndikanagula!"

Kumbuyo kwathu kunamveka mawu: "Likhale lakuda, la matumba m'kati. Kuno kumazizira."

A Mbewe! Khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo, akuchokera kopalira mbatata.

Chipwirikiti! Nkhuni zinatayidwa, ufa mbwee pansi. Woyambitsa nyimbo analumpha mpanda wa dimba. A Sisiliya ndinangowapeza ali pamwamba pa pikapu atakumbatira mbuzi.

Zitadziwika, maso onse anali pa ine. A Gerevazio anayamba kupinda manja a malaya.

"Mkamwini ameneyu abwerere kwawo lero lomwe!"

Ndinati ukwati watha. Koma a Mbewe anaika khasu pakati pathu.

"Musamukhudze! Ine ndili moyo ndakuitanani mpaka mawu kusasa, simunabwere. Uyu wandipha kamodzi kokha, nonse mwafika, ndi mbuzi yomwe."

A Sisiliya anatsika, n'kukagwira bambo awo dzanja lamatopelo, ndipo ulendo uno analira zenizeni. Kenako apongozi aakazi anaphulika ndi chiseko, mudzi wonse n'kutsatira. Kwaya inabwerera, inangosintha nyimbo.

Amene anamwaliradi tsiku limenelo ndi mbuzi. Pa Misa ya Khirisimasi banja lathu linadzaza benchi yonse, a Mbewe ali pakati, chifuwa patsogolo. Pakudya anatenga chiwindi n'kuika m'mbale mwanga anthu onse akuona. Ine mkamwini! Ndinatembenukira kwa Agatha n'kunena kuti, "Waziona?" Malata anaikidwa, jekete linabwera lakuda, ndipo khadi lija lili pakhoma mpaka lero.

Tikutsanzikana ndi alendo, a Mbewe anandikokera pambali n'kundinong'oneza:

"Mkamwini, ntchito mumaitha. Pa Pasaka muphe amayi anuwa."

Phunziro lake: musatsike pachulu mbali yachiwiri isanapite, pokhapokha ngati muli ndi alamu otanganidwa.