Lamulungu limene ndinadzutsa galimoto ya a Oleg

Ndiyambe ndi kuulula kupusa kwanga ndekha, ena asanandiulule. Mpaka imvi kumera, ine ndinkakhulupirira kuti mwamuna akatsegula boneti ya galimoto n'kumasuzumira mu injini, ndiye kuti akufuna galimotoyo ilire. Ndinkati zimenezi n'zosachita kufunsa. Chikhulupiriro chimenechi chinandiluzitsa anzanga awiri okha omwe ndinali nawo mu Dubai muno, ndipo palibe amene anandituma.

Ntchito yanga ndi yotsuka magalimoto pansi pa nyumba ina yosanja ku Business Bay. Dzuwa sindiliona, ndimangomva kwa anthu kuti kunja kwatentha. Ndimagona ku Satwa, m'chipinda cha mabedi osanjikiza, ndipo poti ndine nkhalamba anandipatsa bedi lapansi (ulemu wokhawo umene ndaupeza kuno). Mayi a ana anga ali kumudzi, ku Balaka. Masiku a ntchito thupi limatopa, kusungulumwa sikukupeza. Vuto ndi Lamulungu. Anyamata a m'chipindamo aliyense amagona chagada ndi foni yake, tizingwe m'makutu, kumaseka okha. Ndikayambitsa nkhani amamasula khutu limodzi, n'kuti "eya madala," n'kutsekanso. Ndiye ndinkangotuluka, kumazungulira m'timisewu ngati nkhuku yosowa poikira.

Kuseri kwa mashopu a atelala kuli kabwalo ka mchenga poimika magalimoto. Pamenepo ndi pomwe ndinawapeza a Oleg, nyengo yozizirira itangoyamba. Ndi bambo a ku Russia, adazi, amimba, okonza zikepe za m'nyumba zosanja. Ine ndinkadziwa a ku Russia aku Business Bay okha, aja amakuponyera makiyi osakuyang'ana, ndiye ndinkati dziko lonselo ndi la anthu olemera. Awa ayi. Kuntchito ankapita pa sitima ngati ife tomwe, nsapato zawo zitapindika kumbuyo. Anali ndi kagalimoto kakale ka kwawo komweko, kooneka ngati bokosi la machesi, komwe anakagula ku Sharjah chifukwa choti malemu bambo awo anali ndi kofanana nako. Ankakatchula dzina la mbalame, ati namzeze.

Tsiku loyamba ndinaima patali, manja kumbuyo, monga mwamuna aliyense amachitira akaona boneti yotsegula. Lamulungu lotsatira ndinasendera pang'ono. Mnzawo wa a Oleg, bambo ochepa thupi dzina lawo a Misha, ophika buledi, anakankha kireti ndi phazi kulozetsa kwa ine. Ndinakhala. Anandithirira tiyi wopanda mkaka wa mufulasiki, wakuda bii, n'kundidzazira njere za mpendadzuwa m'manja. Dzina langa linawakanika, ndiye ankangonditchula kuti Malawi.

Kakonzedwe kawo kanali kotere. A Oleg ankayala kansalu pamchenga, n'kundandalika masipanala kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Kenako ankamasula pulagi imodzi, kuiyang'ana padzuwa, kuiuzira, n'kupatsa a Misha. A Misha ankainunkhiza, kupukusa mutu, n'kupatsa ine. Ine ndinkaitembenuza, kunena kuti "mmm," n'kubweza. Pulagi ija inkabwerera pamalo pake, ndipo ntchito ya tsikulo inali yomweyo. Zotsala zinali nsomba zouma za mchere zomwe ankazimenyetsa pabampala kuti zifewe, tiyi, ndi nkhani.

Chizungu chawo chinali chothyokathyoka, changa ndiye mukuchidziwa (sukulu ndinasiyira sitandade sikisi, osati chifukwa cha fizi), koma manja ankathandiza. Anandiuza kuti kwawo nthawi yozizira batire amaichotsa n'kukagona nayo m'nyumba ngati mwana, apo ayi m'mawa galimoto silira. Anandiletsa kuimba mluzu m'galimoto, ati ndalama zimathawa. Koma nkhani yomwe ankaikonda inali ya magalaja. Ati kunja kwa tauni yawo kuli timagalaja ta malata tambirimbiri tondondozana, aliyense kake, ndipo m'katimo muli mbaula, mpando wothyoka, ndi dzenje losungiramo mbatata ndi mabotolo a nkhaka. Mwamuna amalowamo m'mawa kukakonza galimoto, anzake n'kumabwera mmodzimmodzi, mpaka madzulo. Akazi safikako. Pofotokoza zimenezi a Oleg maso ankachita madzi. Ine ndinangoti kalanga, dziko la magalimoto owonongeka chonchi. Mukuona nzeru zangazo.

Chakumasana, kuchokera kunyumba kwawo m'mwamba, kunkatsika akazi awo a Oleg, mayi Galina, mayi aatali ogwira ntchito kusaluni. Ankaima manja ali m'chiuno n'kufunsa kuti galimoto itheka liti. A Oleg ankatambasula manja, kunena kuti chitsulo chake chikuchokera ku Russia, chili m'njira. A Misha ankagwedeza mutu mwachisoni ngati ali pamaliro. Mayiwo ankalankhula mawu angapo olemera a chikwawo n'kukweranso kunyumba. Ife n'kuthiranso tiyi.

Chisoni chinandigwira. Anthu abwinowa, mlungu ndi mlungu, kukalipiridwa chifukwa cha chitsulo. Ndipo ine ndinakhalapo kondakitala wa minibasi ya Limbe ndi Zomba, ndiye ndimadziwerengera ngati theka la makaniko (zoona zake n'zakuti ndinkadziwa kukankha ndi kumenya batire ndi mwala). Tsiku lina posuzumira ndinaona waya wa pabatire uli pambali, atauzenga kasanza. Ndinawakoka malaya a Oleg n'kuloza. Iwo anaika chala pakamwa, n'kunena kuti matenda a namzeze sitinenera pamaso pake, amakhumudwa. Ndinati ndi miyambo yawo ija, ndinaleka. Mlungu wotsatira ndinawanong'oneza a Misha. Iwo anangondiika mutu wa nsomba m'manja n'kuti ndidye. Munthu wanzeru akanamva pamenepo.

Ine zomwe ndinamva n'zakuti azungu awiriwa akuchita manyazi kuphunzitsidwa ndi wotsuka magalimoto. Komanso tiyi wawo ndinali nditamwa wambiri osabweza kanthu, ndipo zimenezi zinkandilemera. Ndiye Lamulungu lina, onse awiri atapita kukagula shuga pakagolosale, ndinamasula kasanza kaja, kulumikiza waya pamutu pa batire, n'kumanga ndi sipanala yawo yomwe. Ndikanatha kuwauza atangobwera. Koma ayi, ndinafuna mboni. Ndinakhala pakireti panga, kudikira mayi Galina.

Anatsika nthawi yawo yomwe ija. A Oleg anayamba kutambasula manja, koma asanafike pa chitsulo chochokera ku Russia, ine ndinaimirira.

"Madamu, lero musabwerere kumwamba," ndinatero. "Khalas, vuto latha."

Kiyi inali pomwepo. Ndinalowetsa mkono pawindo n'kupotoza. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, bwinobwino, ngati yangotuluka mufakitale dzulo. Kuti pasakhale wokayika, ndinaimbanso huta.

Mayi Galina anayang'ana amuna awo, anayang'ana galimoto, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali kuposa onse. Sanamwetulire, koma ndinati chimwemwe chawasowetsa chonena. A Oleg anapinda kansalu ka masipanala, n'kutseka boneti pang'onopang'ono ndi manja awiri, monga timatsekera bokosi achibale akamaliza kuona nkhope. Mayiwo anakwera kunyumba, n'kutsika atasintha diresi, kachikwama m'khwapa. Anati poti galimoto yachira, apite kumolo, kumashopu akuluakulu aja, akaone makatani.

Asananyamuke, a Oleg anakhala pakireti. A Misha nawo anakhala. Mayi Galina anakhala m'mphepete mwa mpando wa galimoto, miyendo kunja, onse chete, maso pansi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kwawo amatero asanayambe ulendo, amangokhala pansi kanthawi osalankhula. Ine ndinati ndi pemphero lothokoza ndipo akusowa woyambitsa. Ndinavula chipewa, kutsinzina, n'kuyamba mokweza m'Chichewa, kuthokoza Mulungu pogwiritsa ntchito kapolo wake wosaphunzira kuchotsa chitonzo pabanjali. Ndinabwerezanso m'Chizungu kuti nawo apindule. Ameni ndinayankha ndekha. Potsegula maso, galimoto inali ikutuluka pakabwalo, a Misha akulowera kusitima, fulasiki m'khwapa.

Lamulungu lotsatira ndinalawira, nditagula mabisiketi. Pamalopo panali banga la oilo basi. Kireti ija wina anali atatola. Ndinakhala pamwala mpaka mthunzi wa khoma unandichoka, ndinadya mabisiketi anga, n'kubwerera kubedi lapansi. Mlungu winawo chimodzimodzi. Nthawi zina ndinkawaona akudutsa, mayi Galina kutsogolo, kumbuyo kuli mapilo kapena mnzawo wa kusaluni, a Oleg atagwira chiwongolero ngati wodwala dzino. Ankangokweza zala ziwiri.

Ndinapirira, kenako ndinakawapeza a Misha kubekale kwawo, kukafunsa chomwe ndinalakwa. Anapukuta ufa m'manja, n'kundiyang'ana ngati mwana wodzikodzera.

"Malawi," anatero, "waya uja ukuganiza anauchotsa ndani?"

Ndinabwerera wapansi mpaka ku Satwa. Ndipo apa ndi pomwe ndikanalekera. Koma mutu womwe unakonza galimoto uja unandiuzanso kuti chomwe wakonza ukhoza kuchiwononga. Boneti sindikanatha kutsegula, poti galimoto tsopano inkakiyidwa. Koma tayala lili panja. Ndinaganiza kuti tayala likaphwa, a Oleg ayala kansalu kawo, aimbira foni a Misha, ndipo zonse zibwerera mwakale.

Lamulungu m'mamawa ndinapita ndi kamtengo ka machesi, kuphwetsa tayala lakutsogolo, n'kukabisala kuseri kwa shopu ya telala. Atatsika, a Oleg anaima n'kuliyang'ana tayala lija, ndipo ndikulumbira kuti nkhope yawo inawala pang'ono. Koma mayi Galina anawapatsira kachikwama kuti awagwirire, anatsegula buti, kutulutsa pampu ya phazi, n'kuyamba kuponda ndi nsapato yawo yosongoka yomweyo. Tiyi sakanawira n'komwe, tayala linali litadzuka. Ananyamuka.

Madzulo ake a Oleg anandipeza pamwala panga. Anakhala pambali panga, kupuma mozama, n'kutulutsa foni. Anandifotokozera kuti kwawo pafupifupi galimoto iliyonse imakhala ndi kakamera pagalasi lakutsogolo, chifukwa pamsewu pakachitika ngozi aliyense amanama, ndiye iwonso anaikamo. Batire ili yosalumikiza kanali kakufa. Ndinakadzutsa ndine.

Ndinadzionera ndekha. Nkhalamba yovala ovolosi ya kuntchito ikubwera monyang'ama, kuyang'ana uku ndi uku, kuima kutsogolo kwa galimoto n'kukonza chipewa pagalasi (chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero), kenako kusowa pansi, n'kumveka tsiii, ndi mawu anga ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Kuno nkhani ya kuwononga galimoto ya munthu imathera pabwalo la ndege, ndipo ndinaona kale ndikutsika basi ku Balaka ndi kachikwama kamodzi. A Oleg anaona nkhope yanga n'kuti za polisi ndiiwale. Ati mayi Galina anaionera kangapo, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anaitumiza kale kwa achemwali awo ku Russia.

Mtima utakhala pansi ndinawafunsa kuti bwanji osangochotsanso waya uja, ine ndilumbira kuti sindidzaukhudzanso. Anapukusa mutu.

"Kale inali galimoto yodwala," anatero. "Tsopano ndikachotsa, likhala bodza. Ine akazi anga sindiwanamiza."

Anandisisita paphewa n'kunyamuka, ati mawa kuli chikepe chovuta ku Deira.

Usiku umenewo ndinatuluka pakhonde, pomwe netiweki imagwira, n'kuimbira mayi a ana anga. Ndinafotokoza zonse, osabisa ngakhale pemphero lija. Ndinamalizira ndi kudzitonthoza, kuti ngakhale ndataya anzanga, mayi mmodzi yekha ndinamuthandiza, sakunamizidwanso, akupita kumolo ngati anzake. Ndinkamva mbale zikugundana, mdzukulu akulira chapatali.

"Inu bambo a Chisomo," anatero, "mayiwo amakhala chipinda chimodzi ndi mwamuna mlungu wonse, Lamulungu lokha ndiye ankapuma, inu n'kukawabwezera mwamunayo m'manja. Mukuti sankadziwa? Nanga njinga yanu ija munkakonza kwa a Mbewe Loweruka lililonse, mukuganiza kuti ine sindinkaona kuti tcheni mwachotsa nokha? Ndinkangothokoza. Gonani, mawa ntchito."